X-ray yaonetsa kanthu m'phapo, zotsatira sizinabwere: tiike code iti?

Chisomo B.
Mwaswera bwanji akuluakulu. Pali fayilo yandiimitsa mutu pano. Bambo wa zaka 58, wakhala akutsokomola milungu itatu. Lipoti la X-ray likuti pali kanthu kozungulira kumtunda kwa phapo lakumanja, kukula kwake masentimita 2. Pa diagnosis a clinical officer alemba "?PTB ?Ca lung" basi, kutanthauza kuti mwina TB ya m'mapapo, mwina khansa ya m'phapo. Makhololo apita ku GeneXpert, makina oyezera TB, koma zotsatira sizinabwere. Fomu ya sikimu ya inshuwalansi ya zaumoyo ikufunika kuchoka lero. Ndiike code (nambala ya matenda) ya TB, ya khansa, kapena iti?

Yamikani
Ikani A16 ya TB muzipita kokadya amwene. Kuno kwathu chilichonse chooneka m'phapo ndi TB mpaka chitakana chokha 😂

A Mwale
A Yamikani, nthabwala zanuzo mwana angazitenge ngati zoona. A Chisomo, zomwe zikudziwika pa bamboyu pakali pano ndi ziwiri: akutsokomola, ndipo chithunzi chaonetsa kanthu. Code ya kanthu kooneka pa chithunzi cha mapapo koma kosadziwika kuti ndi matenda anji ndi R91. Ili m'chaputala 18 cha ICD-10, buku la ma code a matenda, momwe muli ma R onse, zizindikiro ndi zotsatira za kupima zomwe matenda ake sanapezeke. Mukatsegula bukulo muona kuti pansi pa R91 analembapo coin lesion ndi lung mass, ndiye kanthu kanuko kwawo ndi komweko. Kutsokomola ndi R05, mutha kuika ngati yachiwiri. Koma musanalembe chilichonse dzukani pampandopo mukawapeze amene alemba fayiloyo. Chifukwa chake ndinena ndikatsika, ndili mu minibasi pa Mchesi.

Madalitso
Poyembekeza a Mwale, funso langa. Ukafufuza pa Google zimatuluka R91.1 ndi R91.8. Kuno ku ma claims timalandira zonse zitatu, wina R91, wina R91.1, wina R91.8, ndipo aliyense amalumbira kuti yake ndi yolondola.

A Mwale
Ndatsika. Mabuku alipo awiri, achemwali. Loyamba ndi ICD-10 ya WHO (bungwe la zaumoyo padziko lonse), yomwe inavomerezedwa mu 1990 nkuyamba kugwira ntchito mu 1994. M'menemo R91 imaima yokha, ilibe ana. Lachiwiri ndi ICD-10-CM, lomwe a ku America anakonza kuti azigwiritsa ntchito kwawo kuyambira pa 1 Okutobala 2015. Kumeneko ndiye kuli R91.1 ya kachotupa kamodzi kokha m'phapo ndi R91.8 ya zina zonse zosadziwika bwino. Google imakutulutsirani za ku America chifukwa iwowa ndi amene amalemba kwambiri pa intaneti za ma code, poti kwawo malipiro onse a chipatala amayendera pamenepo. Mukafuna kudziwa kuti kompyuta yanu ili ndi buku liti, lembani A16. Ikatuluka ndiye kuti muli m'buku la WHO. M'buku la ku America A16 mulibiretu.

Yamikani
Ndiye kuti A16 yanga ija ku America akanandibweza pa geti

Kamanga CO
Bambo Mwale, mundikhululukire ndikutsutsani pang'ono. Volume 2 ya ICD-10 ya WHO yomweyo imanena kuti matenda akangolembedwa ngati oganiziridwa, ndipo palibe china chowonjezera, wolemba code azitenga ngati atsimikizika. Ife timalemba "?PTB" tsiku ndi tsiku. Potengera lamulo limenelo, a Chisomo akuyenera kuika ya TB. R91 ikuchokera kuti?

A Mwale
Mwafunsa bwino, ndipo ndi chifukwa chomwe ndamutumira mwanayu kwa clinician. Lamulo mukunenalo lilipodi, koma limagwira ntchito chithandizo cha ulendo umenewo chikatha ndipo palibenso poti nkufunsa. Apa makhololo ali ku labu, wolemba fayilo ali chipinda chinacho. Pofunsa palipo.

Ndiye pali lamulo lina m'buku lomwelo, MB5, lomwe ambiri saliwerenga. Limati clinician akalemba matenda awiri ngati oti mwina ili mwina ili, wa ma code atenge loyamba kulembedwa. Ndiye "?PTB ?Ca lung" ikasiyidwa momwe ililimu, bamboyu alowa m'mabuku ngati wa TB chifukwa chongoti dzanja linayamba kulemba P. Likanayamba ndi khansa akanalowa ngati wa C34. Mwaona? Koma lamulo lomwelo limatinso ngati clinician walemba chizindikiro kapena chomwe chaoneka, nkuwonjezera kuti mwina chikuchokera ku ichi kapena icho, tenga chizindikirocho. Ndiye akalemba kuti "nodule kumtunda kwa phapo lakumanja, 2 cm, ?PTB ?Ca, GeneXpert pending", code ndi R91 popanda kukangana. Wodwala yemweyo, chithunzi chomwecho, kusiyana kwake ndi mzere umodzi wa bolopeni.

Choncho a Kamanga, nkhani ili m'manja mwanu inu olemba. Kalaliki alibe mphamvu yowerenga lipoti la X-ray nkudzipangira yekha diagnosis.

Kamanga CO
Ndamva. Koma mudzabwere ku OPD Lolemba m'mawa mudzaone mzere wake, kenako mudzandiuze za mzere wa bolopeni.

Sisitala Gondwe
A Kamanga, mzere wa anthu tonse timaudziwa. Koma mawu asanu ndi awiri okha? Nthawi yomwe mumataya kufunafuna chidindo ndi yambiri kuposa pamenepo.

Tiyamike
Ndilankhulepo ngati wojambula. Musanathamangire code iliyonse, dziwani kuti si kanthu kalikonse kooneka pa chithunzi kali m'phapo. Ife timaona zambiri. Mayi wabwera ndi ndalama zachitsulo zomanga pa kansalu mu bra, waiwala kunena, pa chithunzi pakutuluka chozungulira choyera mbuu. Agogo ali ndi chithumwa pachifuwa, safuna kuvula pamaso pa mwana ngati ine. Mabatani a malaya. Tsitsi loluka lalitali likagwera kumsana limapanga mizere kumtunda kwa mapapo, ndendende pamalo pomwe TB imakonda, ndipo wosazolowera amati infiltrates, zizindikiro za matenda m'phapo. Ngakhale nsonga ya bere imatuluka ngati kachotupa kumunsi, kwa abambo omwe. Tikakayika timamata kachitsulo kakang'ono pa nsongayo nkujambulanso, kanthu kaja kakagwera pomwepo nkhani yatha.

Palinso wodwala amene sanapume mokwanira pojambulidwa, kapena anapendekeka. Mapapo amaoneka akuda bii malo ena, oyera malo ena, mtima nkumaoneka waukulu. Chithunzi chotere sichifunika code, chimafunika kubwereza. Ndiye pempho langa kwa olemba fomu yopempha X-ray: "CXR" (X-ray ya pachifuwa) yokha sikutithandiza. Lembani kuti munthuyu akumva chiyani, kwa nthawi yayitali bwanji, anamwapo mankhwala a TB kapena ayi.

Chisomo B.
Aaa ya tsitsiyo sindimaidziwa. Koma wangayu ndi bambo wa dazi 😅

Tiyamike
Ndiye funsani ngati pali chithunzi chakale. Kanthu komwe kanalipo zaka zisanu zapitazo, kukula kwake komweko, ndi nkhani ina. Kanthu katsopano ndi nkhani inanso.

Sisitala Gondwe
Kumbali ya TB ndiwonjezere, chifukwa achinyamata amasokoneza kaundula wa TB ndi ICD. Mu kaundula timagawa pawiri potsatira matanthauzo a WHO a 2013: amene kachilombo kapezeka, kaya pa maikulosikopu, pa culture (kumeretsa kachilomboko ku labu) kapena pa GeneXpert, ndi amene clinician waganiza zomuyambitsa mankhwala kachilombo kasanapezeke. Gulu lachiwirili ndi momwe mumalowa a X-ray. Ku ICD oyambawo ndi A15, achiwiriwo ndi A16. Mukawerenga A15.0 muona ikunena za maikulosikopu, musadabwe, bukulo ndi lakale kuposa makinawo, GeneXpert WHO inaivomereza mu 2010. Chachikulu nchakuti wopezeka ndi GeneXpert ndi wa A15.

Koma A16 si malo otayirako aliyense wa chithunzi choipa. Munthu amakhala wa A16 pamene clinician walemba ndi dzanja lake kuti ndi TB ndipo akuyamba mankhwala. Zisanafike pamenepo ndi R91. Ndipo amene tamuganizira TB, tamuyeza, zapezeka kuti alibe, palibenso china chofuna chithandizo, buku la WHO lili ndi Z03.0.

Yamikani
Nanga a pa galimoto zoyendayenda zojambula X-ray zija? Kompyuta ikangoti 80 anthu amayamba kulira pomwepo

Tiyamike
Nambala imeneyo si matenda amwene. Mapulogalamu ngati CAD4TB amapereka nambala kuyambira 0 mpaka 100 kusonyeza kuti chithunzicho chikufanana bwanji ndi cha TB. WHO inavomereza mu 2021 kuti azigwiritsidwa ntchito posefa anthu a zaka 15 kupita m'tsogolo. Ntchito yake ndi kusankha woti apereke makhololo, basi. Munthu amene anachira TB kalekale amatha kupeza nambala yokwera chifukwa cha zipsera.

A Mwale
Pa zoterozo code ya chifukwa cha ulendowo ndi Z11.1, kusefa TB ya m'mapapo, ndipo chithunzi chikaoneka choipa muwonjezere R91 kufikira labu itayankha.

Dr Tembo
Pepani ndalowa mochedwa, ndinali mu ward round. Za ma code a Mwale anena zonse. Ine nkhawa yanga ili pa bamboyo. Kanthu ka masentimita 2 mwa munthu wa zaka 58 si koyang'anira chabe. Pa kayezedwe kathu, chosapitirira masentimita 3 ndi nodule, choposa pamenepo ndi mass. Malangizo a 2017 a Fleischner Society, bungwe la akatswiri a matenda a m'chifuwa, amati nodule yolimba yoposa mamilimita 8 ifunika CT (sikani yoonetsa mkati mwatsatanetsatane) pakatha miyezi itatu, kapena sikani ina ya PET, kapena kutengako kanyama kokapima. Apa tili pa mamilimita 20. Malangizowo analembera zopezeka pa CT mwa anthu a zaka 35 kupita m'tsogolo amene chitetezo chawo chili bwino, ndiponso kumayiko komwe TB ndi yochepa, ndiye sitingawatsate ngati Baibulo. Komabe uthenga wake ndi womveka: GeneXpert ikabwera negative, bamboyu asapatsidwe amoxicillin nkuuzidwa kuti adzabwere akadzamva kuwawa. Afunika CT ndi kalata yopita ku Kamuzu Central.

Chomwe ndimachiona kawirikawiri ndi ichi. Munthu makhololo negative, chithunzi choipa, wina nkuti tiyeni tingoyesa mankhwala a TB tione. Miyezi 6 yatha, munthu akuwondabe. Wina nkuti mwina sanamwe bwino, ayambirenso. Pofika kwa ife chaka chatha, chotupa chadzadza theka la chifuwa. Ukatsegula kabuku kake ka kuchipatala, tsamba lililonse PTB, PTB, PTB, aliyense akukopera wam'mbuyo mwake. Palibe ndi mmodzi yemwe amene analemba kuti chinaoneka nchiyani, mbali iti, chachikulu bwanji. Mawu oti TB akangolowa m'kabuku anthu amasiya kuganiza. Nchifukwa chake ine R91 ndimaikonda, imasiya funso lili lotsegula.

Kamanga CO
Adokotala, ndikuvomereza, koma tinenenso mbali inayo. Kuno TB ilipodi yambiri, ndipo mwa anthu omwe ali ndi HIV makhololo amatha kubwera negative munthu ali nayo. Ukadikira umboni wonse wodwala amakufera m'manja. CT si ya aliyense, ena ngakhale ya minibasi yochokera ku Nathenje kapena ku Kasiya imavuta. Nthawi zina kuyambitsa mankhwala ndi chisankho cholondola.

Dr Tembo
Sindikukana ayi. Wodwalika, CD4 yotsika, yezani LAM (kuyeza TB mu mkodzo), yambitsani mankhwala a TB ngati zikufunika, musachedwe. Ndikungopempha kuti mukatero mulembe chifukwa chake, mulembe kuti kachilombo sikanapezeke, mulembenso tsiku lomuonanso ndi chomwe chichitike ngati sakusintha. Ndipo mwa amene ali ndi HIV yang'anani m'kamwa ndi m'miyendo, khansa ya Kaposi imalowa m'mapapo nkumaoneka ngati TB. Chibayo cha PCP nachonso.

A Mwale
Zimenezo m'buku la WHO zili ndi malo ake. HIV yobweretsa Kaposi ndi B21.0, yobweretsa PCP ndi B20.6, yobweretsa TB ndi B20.0. Koma kalaliki asaike code ya HIV pa fomu iliyonse yotuluka panja chifukwa chongoona ma ARV m'fayilo. Aike zomwe clinician walemba pa ulendo umenewo.

Chisomo B.
Ndawapeza a clinical officer. Poyamba anandiyang'ana ngati ndabwera kudzawaphunzitsa ntchito, koma nditawaonetsa uthenga wa a Mwale wa MB5 aseka nkulembanso. Tsopano pali "RUL nodule 2 cm, ?PTB ?Ca, Xpert pending, review Lachisanu, CT if negative". RUL ndi kumtunda kwa phapo lakumanja. Ndaika R91 ndi R05. Anenanso kuti bamboyu amasuta chingambwe kuyambira ali mnyamata, zomwe m'fayilo munalibe.

Madalitso
Fomu yotere ndi yomwe timaifuna. Anthu amaganiza kuti code ya R sitilipira, ndiye amathamangira kuika matenda akuluakulu kuti claim idutse. Chomwe chimabwezetsa pempho la CT si R91, ndi pempho lopanda kufotokoza. Likabwera ndi zaka za munthu, kukula kwa kanthuko, zoti amasuta ndi zotsatira za makhololo, wowerenga amamva. Ndipo C34 yoikidwa mongoganizira imamukakamira munthu mu system. Kuichotsa kumafuna makalata, ndipo mwini wake amadzadzidzimuka tsiku lina ataona pa pepala kuti ali ndi khansa pomwe palibe dokotala anamuuzapo.

Yamikani
Nanga D38.1? Ena amaika imeneyo akakayika

A Mwale
Imeneyo ndi ya chotupa cha m'phapo chomwe sichikudziwika ngati ndi khansa kapena ayi, koma zoti ndi chotupa zadziwika, kawirikawiri kanyama kakapimidwa. Apa sitikudziwa nkomwe ngati ndi chotupa. Kangakhale kachipsera ka TB yakale. Musaigwiritse ntchito ngati pothawira.

Sisitala Gondwe
Pa zipsera pomwepo ndi pamene mtima wanga umawawa. Anthu omwe anamaliza mankhwala a TB ambiri mapapo awo sabwerera mwakale. Amatsala ndi mabowo, mitsempha ya mpweya yotanuka, kutsokomola kosatha, nthawi zina magazi. Akapita kwina kukajambulidwa, woona chithunzi amadzidzimuka nkuwayambitsanso mankhwala. Choipa china, GeneXpert imatha kuonetsa positive mwa munthu amene wangochira kumene chifukwa imagwira ndi zotsalira za tizilombo takufa. Ndiye mbiri ndi yofunika kwambiri: anamwa liti, anamaliza liti, zotsatira zinali zotani. Ine pomutulutsa munthu mu pulogalamu ndimalemba m'kabuku ndi zilembo zazikulu kuti wamaliza, tsiku lake, ndi momwe chithunzi chomaliza chinaonekera ngati chilipo. Ndimamuuzanso kuti kabukuka kakadzadza asakataye, akasokerere pamodzi ndi katsopano.

A Mwale
Code yake ya zotsalira za TB ya m'mapapo ndi B90.9, koma imayenda ndi inzake yonena chomwe chatsalacho, monga J47 ya bronchiectasis (mitsempha ya mpweya yotanuka ija), ndipo inzakeyo ndi imene imatsogola.

Mundilole ndionjezere za gulu lina lomwe mabuku athu amaliphonya, madala a ku Theba. Achinyamata simungadziwe, koma m'midzi ya ku Dedza, Ntcheu, Dowa, Kasungu ndi kuno ku Lilongwe muli azibambo ambiri amene anakagwira ntchito m'migodi ya golide ku South Africa kudzera ku Wenela, yomwe pambuyo pake inkatchedwa TEBA. Fumbi la miyala ya pansi pa mgodi limakhala m'mapapo moyo wonse. Pa chithunzi limaoneka ngati timadontho tambirimbiri, makamaka kumtunda, ndipo wosafunsa amangoti miliary TB, TB yomwazika m'mapapo monse. Matendawa ndi silicosis, J62.8, ndipo akakhala pamodzi ndi TB code yake ndi J65. Awiriwa amayenderadi limodzi chifukwa fumbilo limafooketsa mapapo.

Apa kulemba bwino kumasanduka ndalama zenizeni. Makampani a migodi ya golide anagwirizana mu 2018 kupereka ma rand 5 biliyoni, khoti la ku Johannesburg linavomereza mu 2019, ndipo kunakhazikitsidwa Tshiamiso Trust yolipira omwe anadwala silicosis kapena TB chifukwa cha ntchitoyo, kuphatikizapo ochokera kunja ngati a ku Malawi. Ali ndi njira zawo zoyezera, koma mdala akamwalira, mayi wamasiye amatsala ndi mapepala okha. Ngati mapepala onse akungoti "chronic cough" kapena "PTB", popanda pomwe panalembedwa kuti munthuyu anagwira ntchito pansi pa mgodi zaka zakuti, banjalo liyambira pati? Funso lake ndi lalifupi: "Bambo, munapitako ku Joni?" Mdala wa zaka 70 ukamufunsa zimenezo amakuuza ndi dzina la mgodi lomwe, ena nambala yawo ya ntchito amaikumbukira pamtima.

Kamanga CO
Limenelo ndiyamba kufunsa. Komanso oswa miyala a m'mbali mwa misewu, fumbi lake ndi lomwelo.

Dr Tembo
Ndi amayi ophikira nkhuni m'khitchini yopanda zenera zaka makumi atatu. Sanasutepo fodya koma mapapo ngati a wosuta.

Madalitso
Funso lomwe palibe waligwira: zotsatira zikabwera, amasintha code ndani? Ife timaona R91 ya Januwale, R91 ya Malichi, R91 ya Juni, munthu yemweyo, kenako zii.

A Mwale
Ya ulendo woyamba siisinthidwa, inali yoona pa tsiku limenelo. Ulendo wotsatira umatenga code yatsopano malinga ndi zomwe zapezeka, ndipo matenda akadziwika R91 siibwereranso pambali pake. Koma R91 katatu motsatizana ndiye kuti pali pomwe pakudontha. R91 ili ngati katundu wosungitsa pa depoti, pamafunika wina wodzamutenga. Makalaliki mutha kuthandiza: kumapeto kwa mwezi tulutsani mndandanda wa onse a R91 mupereke kwa in-charge aone amene sanabwerere.

Sisitala Gondwe
Ndipo nambala ya foni muzilemba ziwiri, ya wodwala ndi ya womuyang'anira. Imodzi yokha mupeza kuti ili ndi mwana wake ku Mchinji.

Yamikani
ICD-11 yolowa m'malo mwa ICD-10 ikadzafika zonsezi tidzayambiranso?

A Mwale
Inavomerezedwa mu 2019, inayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2022, dziko lililonse likusamukira pa liwiro lake. Manambala adzasintha. "?PTB ?Ca" idzavutabe chimodzimodzi.

Gift M.
Akuluakulu poti madokotala alipo, taonani chithunzi ichi cha malume anga, ajambulidwa dzulo, akuti pali madzi. Ndi TB?

Tiyamike
Achimwene chotsani kaye chithunzicho, dzina la malume anu ndi tsiku lobadwa zikuoneka pakona, ndipo pagulu pano tilipo ambiri. Mukafuna kutumizanso phimbani pamenepo.

Dr Tembo
Ndipo pa foni sindingakuuzeni kuti ndi TB kapena ayi. Ngati ndi madzi, afunika kupopako pang'ono kuti akapimidwe. Abwerere komwe anajambulidwa mawa m'mawa ndi kabuku kawo, ndipo ngati akubanika popuma asadikire mawa, apite usiku womwe uno.

Gift M.
Ndachotsa. Tinyamuka pompano, akubanika akagona chagada.